Majezi a Timu ya Mwera

Pakhonde la sitolo ina pamsika wa Nkhotakota padali makina osokera a Kalilu, ndipo kunsi kwa makinawo kudali bokosi lachitsulo la loko wamkulu ngati wa pachitseko cha ndende. Mikanjo ya anthu, makabudula a ana asukulu, nsalu za amayi zokavinira kumsonkhano wa chipani, zonsezo Kalilu ankangoziunjika pabenchi, mbuzi n'kumazinunkhiza. Koma za m'bokosi ayi. M'menemo munkagona majezi khumi ndi imodzi a timu ya mpira ya Mwera, ndipo kiyi wake ankalendewera m'khosi mwa Kalilu ngakhale posamba.

Kalilu ndiye adali kaputeni wa Mwera, wotseka kumbuyo, kuyambira pomwe timuyo idabadwa dziko litangolandira ufulu. Masiku amenewo Mwera ikalowa m'bwalo, matimu a ku Benga ndi kwa Malengachanzi ankafika atagonja kale m'mitima. Koma mukadamufunsa Kalilu, akadakuuzani kuti mphamvu ya timu sidali m'miyendo. Poyamba penipeni iye adapita kwa Mwalimu Zaidi, mkulu wophunzira amene ankalemba hirizi, timapepala ta mawu a Chiarabu tokulunga m'kachikopa. Mwalimuyo adalemba hirizi ya wosewera aliyense ndi dzina lake, ndipo Kalilu adazisokerera ndi manja ake mumpendero mwa majezi. Ngakhale Filipo, goloboyi wa ku mishoni woimba kwaya, adavala yake osafunsa zambiri, nati mpira ulibe tchalitchi. Mwalimu adasiya malamulo awiri: jezi ya munthu isavalidwe ndi wina, ndipo singano ya mlendo isailase. Patapita zaka zingapo mkuluyo adamwalira.

Apa ndiye padagona nkhani. Majezi adali okwanira eni ake basi, ndipo olemba hirizi ena onse Kalilu ankati ndi ogulitsa inki. Choncho timu idakalamba pamodzi ngati nthochi za mkoko umodzi. Jezi ikang'ambika ankaika chigamba, koma bondo likayamba kulira padalibe chigamba chake. Anyamata ankabwera ndithu madzulo kudzathamanga nawo pokonzekera, koma tsiku la mpikisano ankaima kunja kwa mzere ngati alendo a paukwati.

Mmodzi mwa iwo adali Habibu, mwana wa Rahila, mlongo wake wa Kalilu. Bambo ake a Habibu adapita ku Joni iye ali kumsana, osabwerako, ndipo Kalilu, amene Mulungu sadampatse mwana, adamutenga n'kumulera. Adamuphunzitsa kupalasa makina, kudula kolala, kuimitsa mpira ndi chifuwa. Tsopano Habibu adali mwamuna wandevu, ali ndi makina akeake pambali pa a mjomba wake, ndipo tauni yonse inkadziwa kuti makina onse awiri, khonde, ndi timu yomwe zidzatsala m'manja mwake. Pampira adali mphezi. Koma jezi adalibe.

Chaka chimenecho Mwera idalowa m'ndime yachipulula ya chikho cha boma mokwawa. Yopambana pakati pa iwo ndi Benga ndiyo inkapita kumasewero otsiriza, yogonja inkakapachika nsapato. Kumapeto kwa khonde lomwelo anthu ankasewera bawo, ndipo mwini bawo, Fakiri wokonza njinga, adali ndi pakamwa posavala.

"Inu a Kalilu," adatero tsiku lina akutakata nkhomo, "timu yanu ili ngati nyale ya mafuta ochepa. Chigawo choyamba imawala, chachiwiri utsi wokhawokha."

"Takatani bawo lanulo."

"Ndikutakata. A Chande kutsogolo kuja amathamanga ngati abisa thumba la mpunga m'malaya. A Filipo mpira wa m'mwamba amauona utagwedeza kale ukonde. Nanga inu kumbuyoko? Mukayamba kutembenuka, munthu atha kupita kumzikiti, kukaswali, n'kukupezani musanamalize."

Anthu adaseka mpaka ena kugwira m'nthiti.

"Tafika bwanji pachipulula ngati tili otero?" adafunsa Kalilu osadzutsa mutu.

"Lole ya kwa Malengachanzi idafera panjira, ndi mmene mudafikira. Ikani anyamata, bambo. Habibu uyu mukumusunga kuti mudzamudye ndi chiyani?"

Habibu adangoweramira nsalu yake. Koma mtima wa Kalilu udayamba kuwerenga. Mkazi wa Fakiri kwawo n'kuti? Ku Benga. Nanga Fakiri akufuniranji kuti Habibu alowe? Zidali zaka zimene munthu ankayamba wacheuka asanatsokomole, poti pabenchi lililonse pankakhala wina womvera kuti akanene kwina, ndipo Kalilu adali atazolowera kufuna dzanja la munthu kuseri kwa chilichonse. Zoti timu inkafooka chigawo chachiwiri ankaziona yekha. Iyenso mpweya unkamuthera, m'maso n'kumachita nyenyezi. Koma munthu amene wathamanga zaka zonsezi angayambe bwanji kutopa lero? Ayi, padali amene adawapita pansi.

Mwambo wa timu udali wakuti mpira ukatha aliyense ankatenga jezi yake kukachapa yekha, n'kudzaibweza itapindidwa. Kalilu ankangolandira n'kutsekera. Koma m'sabata ya mpira wa Benga adatulutsa majezi onse n'kuwayanika padzuwa, nayamba kuwayendera ndi chala mmodzimmodzi ngati wofuna nsabwe. Pajezi ya Chande adaima. M'mbali monse muwiri, kuyambira kukhwapa mpaka m'chiuno, mudali kansalu kowonjezera, kofanana mtundu, kosokedwa ndi ulusi wina. Masokedwe ake adali aang'ono, owongoka, osakhala ake. Adatenga ya Filipo, chimodzimodzi. Adatenga ina, chimodzimodzi. Yake yokha ndi ziwiri za anthu owonda ndizo zidali zosakhudzidwa.

Masokedwe amenewo ankawadziwa. Adawaphunzitsa yekha.

Madzulo ake pabwalo, timu yonse itasonkhana, Kalilu adakhuthula majezi paudzu.

"Habibu, tabwera kuno. Ichi n'chiyani?"

Habibu adayang'ana jezi, nayang'ana akuluakulu aja. "Ndinakulitsa, amjomba. Paja munapita kumaliro kwa Malengachanzi. Anabwera a Chande, akuti ikuwafinya pamimba, akulephera kupuma. Mawa lake anabwera a Filipo. Kenaka enawa, aliyense payekha, aliyense akuti ndisauze mnzake. Mpendero sindinaukhudze. Hirizi zili momwemo."

"Lamulo la Mwalimu ukulidziwa?"

"Ndikulidziwa. Akuti singano ya mlendo." Habibu adamuyang'ana m'maso. "Ine ndine mlendo, amjomba?"

Funso limenelo likadagwetsa munthu wina, koma Kalilu adalilumpha ngati chithaphwi. Adatembenukira kwa Chande, mnzake wa kumadrasa, amene adamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense m'boma lonselo.

"Chande, unamutuma?"

Tsono muone mmene anthu alili. Chande akadangoti inde, nkhani ikadathera pomwepo ndi kuseka. Koma kuvomera kudali kuvomera mimba, kuvomera mimba kudali kuvomera ukalamba, ndipo anyamata adali ataima pomwepo, nsapato zili m'manja, kudikira malo. Chande adakokera mimba m'kati mpaka nkhope idachita mdima.

"Ine? Wallahi, jezi yanga imandikwana ngati tsiku loyamba. Ndimadabwa bwanji masiku ano ikupepuka."

"Filipo?"

Filipo adayang'ana kumitengo ya mango. "Ine maso angawa, mwina sindinaone bwino."

Enawo adapeza zochita ndi zingwe za nsapato. 

"A Chande!" adafuula Habibu. "Si inu munandipatsa chambo kuti ndikhale chete?"

"Mwana iwe, ukundinamizira pamaso pa anthu? Ndinakunyamula uli ndi mamina!"

Kalilu adagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza pomwe denga limadontha. "Ndiye n'chifukwa chake takhala tikufa chigawo chachiwiri. Wakutuma ndani? Fakiri? A ku Benga akulonjeza chiyani? Kapena umati tikagwa ife ulowe iwe?"

"Amjomba, mundifunse bwino, ndi ine Habibu."

"Habibu ndinamulera ine sangalase jezi ya Mwera kuseri. Usapondenso pabwalo pano. Pakhonde paja usafikepo. Katenge mphasa yako upite kwa amako."

Habibu adatola nsapato zake n'kumapita. Anyamata anzake adayang'anana namutsatira onse, bwalo n'kutsala la imvi zokhazokha.

Kalilu sadalekere pomwepo. M'mawa mwake adakhala pamakina n'kuyamba kusomola tinsalu tonse towonjezera tija. Adatiunjika kuseri kwa sitolo natitentha, phulusa n'kukwirira. Atatero adabweza jezi iliyonse mumsoko wake wakale, muyeso womwe adayeza eni ake akadali anyamata a m'chiuno ngati mavu. Adasoka kawirikawiri kuti pasadzapezeke polowera choipa.

Lachisanu, anthu atatuluka kumzikiti, Rahila adafika pakhonde. Sadakhale pabenchi, adaima.

"Achimwene, ndabwera ndi mawu amodzi. A kampani ya shuga ku Dwangwa akumufuna mwana. Akuti azikasoka maovololo a antchito, Loweruka azikawasewerera mpira. Nyumba ampatsa. Lole yawo ibwera mawa ndi anthu odzaonera mpira wanuwo, ndipo pobwerera akwera nawo."

"Akwere."

"Iye sakufuna. Chakudya sakudya. Akuti mukangomuitana ndi dzina, pamaso pa anthu omwe aja, sapita. Sakufuna kuti mupepese. Kungomuitana."

Kalilu adasiya kupalasa. "Ndiye kuti si a Benga okha, a Dwangwa nawonso alimo? Ayamba liti kukambirana?"

"Astaghafirullah! Achimwene, mutu wanu mwalowa chiyani? Mwanayu munamusambitsa ndinu. Akapita, mukadzadwala adzakutembenuzani ndani? Chande?"

"Chande sanandinamizepo."

Rahila adakoka mpango wake kumutu. "Mawa ndiye mawa," adatero, natsika pakhonde.

Loweruka dzuwa lidatuluka laukali. Pachipata cha bwalo anyamata a chipani ankaona makhadi, anthu n'kumalowa ngati nyerere, ena pamitengo, ena pamwamba pa malole. A Mwera ankavalira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golo, ndipo kumeneko kudali ntchito. Jezi ya Chande idakakamira m'khwapa, mpaka anthu awiri adachita kuikokera pansi ngati akusenda mbuzi chobwerera. Filipo atavala yake manja adakana kukwera kupitirira mapewa, goloboyi! Koma akadadandaula ndani? Pamaso pa anthu paja padalibe amene adavomera kuti jezi imamuthina. Aliyense adameza mpweya wake n'kulowa m'bwalo ali njo ngati mabotolo.

Chigawo choyamba nzeru zakale zidagwira ntchito. A Benga adali ana, othamanga ngati agwape koma osadziwa kudikira, ndipo akuluakulu ankangowapatsira mpira uku ndi uku, osataya mphamvu. Pakona ina Chande adabisala kumbuyo kwa mnzake, natulukira mwadzidzidzi, nagunda ndi mutu. Ukonde udagwedera. Bwalo lidaphulika, amayi nthungululu, ng'oma, fumbi. Kalilu adathamangira Chande namukumbatira.

"Waona? Waona? Tangochotsa zonyansa zija, mphamvu yabwerera!"

Chande ankapuma ngati mvukuto, maso atatuluka.

Chigawo chachiwiri chidabwera ndi zake. Ana a ku Benga adazindikira kuti sipafunika nzeru, pangofunika kuponya mpira kutsogolo n'kuuthamangira. Adayamba kutero. Mpira wina wa m'mwamba udabwera pagolo, Filipo adayesa kukweza manja, jezi idamugwira m'mapewa, mpira udadutsa pamwamba pa zala zake. Zigoli zidafanana. Pasanapite nthawi Chande adathamangira mpira wautali, ndipo anthu a mbali imeneyo adamva kuti phwee! Jezi idang'ambika kuyambira kukhwapa mpaka m'chiuno, mimba yonse n'kukhuthukira panja. Chiphokoso cha kuseka chisanathe, mwini wake adagwa chafufumimba atagwira kuseri kwa ntchafu. Adamunyamula anthu anayi.

Woyimbira mpira adayang'ana kwa Kalilu. "Kaputeni, alowa ndani?"

Pamzere, pafupi ndi pomwe adagoneka Chande, padaima Habibu, nsapato za mpira zitalendewera m'khosi. Sadakuwe, sadakweze dzanja. Adangoti, ndi mawu oti amve mjomba wake yekha, "Amjomba, ndilipo. Ndipatseni yong'ambikayo."

Filipo adachoka pagolo akuthamanga movutikira, nagwira Kalilu pamkono.

"Kalilu, muitane mwana. Zija ananena n'zoona. Yanganso anakulitsa, ndinamupempha ndine. Tonse tinamupempha. Taona mmene tikufera muno, sindikutha n'kukweza manja komwe."

"Lero ndiye wakumbuka?"

"Ndinachita manyazi, mbale wanga. Muitane."

Kalilu adamuyang'ana Habibu. Kwa kamphindi adaona kamwana kaja kankagona pansi pa makina, pamilu ya zidutswa za nsalu, ndipo dzina lidafika pakhosi. Koma maso ake adapitirira. Kumbuyo kwa Habibu kudaima dalaivala wa lole ya ku Dwangwa akusuta fodya. Chapatali pang'ono Fakiri ankaloza m'bwalo akuseka ndi alamu ake a ku Benga. Ndipo uyu Filipo, amene wangolola chigoli chopusa, ndi yemweyu akuti alowe Habibu. Zonse zidalumikizana m'mutu mwake ngati msoko umodzi. Adachotsa dzanja la Filipo pamkono wake.

"Nawenso akugula? Chigoli chija unachita dala?"

"Kalilu!"

"Bwerera pagolo." Adatembenukira kwa woyimbira. "Jezi ili ndi mwini wake. Tisewera momwemu."

Habibu adamva. Adavula nsapato m'khosi, nazikulunga m'kathumba, nachoka pamzere osafulumira.

Zotsalazo n'zosafunika kuzikamba motalika. Wina wa Mwera adakhala pansi pakati pa bwalo n'kuyamba kusanza. Wina adadzing'ambira yekha jezi ndi mano kuti apume. Kalilu adalimba mtima, adagwetsa ana awiri, adachotsa mpira wina pamzere wa golo ndi mutu, koma mnyamata wina amene adabadwa iye ali kale kaputeni adamudutsa katatu ngati akudutsa chitsa. Ochemerera a Mwera adayamba kutuluka mpira usanathe. Pomwe kherere womaliza ankalira, ngakhale a ku Benga adali atasiya kuvina, chifukwa kumenya munthu wogona sikukoma.

Kalilu adakhala pansi pa mtengo wa mango, akulandira majezi onyowa, poti tsiku limenelo padalibe wofuna kukachapa yake. Lole ya ku Dwangwa idadutsa pamsewu wa kuseri kwa golo itadzaza anthu. Habibu adali kumbuyo, atakhala pa katundu wake, nkhope italoza kumpoto. Rahila adaima m'mbali mwa msewu mpaka fumbi lidatha, kenaka adabwera pamtengo paja.

"Wapita," adatero.

Kalilu ankapapasa mpendero wa jezi ya Chande. Kachikopa kadalimo, kolimba, kosatsegulidwa. Adapapasa ina, ndi ina. Zonse zidalimo monga adazisokera yekha.

"Ndiye kuti anakwirira kanthu pagolo," adatero. "Kapena woyimbira uja. Unaona mmene ankayang'anirana ndi Fakiri?"

Rahila adamuyang'ana nthawi yaitali ngati akuyang'ana munthu wodwala, nachoka.

Mwera sidaseweranso. Chande adatsimphina mpaka imfa yake ndipo sadavomere kanthu, ankati adaponda pa mankhwala. Filipo ndi Kalilu sadapatsanenso moni. Habibu adakwatira ku Dwangwa, adabereka ana, adasewera mpira anthu n'kumamutchula m'mabasi, ndipo akabwera pa Idi ankafikira kwa mayi ake, n'kudzera njira ya kuseri kwa msika. Makina ake adakhala pakhonde ataphimbidwa ndi chiguduli mpaka adachita dzimbiri, chifukwa aliyense wofuna kuwagula Kalilu ankamufunsa kuti wamutuma ndani.

Kalilu adafufuza mdani ku Benga, ku Dwangwa, pabawo, pagolo, ndi m'nyumba mwake momwe, nataya mwana yekhayo amene adali naye. Koma amene adafooketsa Mwera sadakwere lole, sadagule munthu, sadagwire singano. Adabwera poyera, chaka ndi chaka, n'kukhala m'mawondo ndi m'mimba mwa amuna amene ankakana kumuona. Paja akuluakulu adati tsabola wakale sawawa.